Theka la Khoswe

Corbin, Kentucky
16 Okutobala

Delaney mwana wanga,

Ndikhulupirira unafika bwino kuusilikali wakowo, ndipo akukupatsa chakudya chooneka ngati chakudya. Kuno tonse tili bwino: ine, makasitomala anga a mu saluni, ndi chingwe chamoyo chimene unandisiyira chija.

Ana a anzanga akamachoka pakhomo amasiyira amayi awo chithunzi, ena kagalu, ena mpaka mdzukulu. Iwe unakhala pansi n'kuganiza mozama, n'kupita ku Lexington kumsika wa anthu openga aja ogulitsa njoka sabata yonyamuka yomweyo, n'kubwerako ndi kamwana ka nsato m'kathumba ka nsalu. Zikomo kwambiri. Magazi amenewo ndi akuchimuna kwako. Azakhali a bambo ako ankanyamula njoka m'tchalitchi kumapiri uko, mpaka tsiku lina njoka ina inatsutsana nawo pa nkhani ya chikhulupiriro.

Opal wakoyo sakudya. Ndikuchita zonse zimene unanena uli chiimirire pakhomo, galimoto ikukudikira. Ndimatulutsa kakhoswe m'firiji, momwe masiku ano makoswe akugona pakati pa nandolo ndi ayisikilimu wanga. Ndimakasungunula m'madzi ofunda, n'kukapana ndi chopanira chija, n'kumakavinitsa pamphuno pake kuti kaoneke ngati kamoyo. Ine Renita, mayi wa m'kwaya, kuvinitsa mtembo wa khoswe! Adonawo amangondiyang'ana, kenako amadzikulunga ngati mpira, mutu n'kuubisa pakati.

Iwe ukudziwa kuti m'nyumba muno palibe munthu analowamo n'kutuluka ndi njala. Ngakhale wobweretsa makalata amachoka ndi chigumu m'manja. Ndiye kanthu kotalika ngati lamba wa mwana kandikanire chakudya ine?

Akuti mafoni anakulandani, koma manja anakusiyirani. Lemba. Undiuze ngati ukukhuta.

Ndine,
Amayi ako

*

Ku kampu, Missouri
24 Okutobala

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndalandira. Ndili bwino, kungoti miyendoyi sindikukhulupirira kuti ikadali yanga. Timadzuka kusanache, amatikalipira, timathamanga, amatikalipira, amatiimirira pamutu mpaka mbale itayera, kenako amatikalipiranso. Anzanga ambiri akulira. Ine sizikundidabwitsa kwenikweni. Munandikonzekeretsa bwino.

Za Opal, sikuti wakukanani inuyo. Kamwana ka nsato kakasamuka kamagwidwa mantha, ndipo mantha akakhalapo sikadya. Mankhwala ake ndi amodzi: musiyeni. Ndikudziwa kuti mawu amenewa simunawamvepo chibadwire, ndiye ndiwalembanso. Musiyeni. Musamugwire. Musavundukule kamphanga kake kuti muone ngati akupuma. Muzingoonetsetsa kuti m'bokosi mwake ndi mofunda ndipo madzi alimo, kenako muzituluka n'kutseka chitseko.

Chakudya ndi kamodzi pa sabata. Akakana, khosweyo mutaye, mudikire sabata ina. Kamodzi pa sabata, Amayi. Osati cham'mawa, chamasana, chamadzulo ndi kena kotsitsira.

Nsato imasaka potsata kutentha, ndiye mutu wa khosweyo uzikhala wofunda kuposa thupi. Muziuuzira ndi chowumitsira tsitsi. Pamenepo pokha ndiye ndikukudalirani ndi mtima wonse.

Pa Khirisimasi atitulutsa milungu iwiri. Ndidzafikira kumene kuli Opal, ndiye mumusamale.

Chomaliza, ndipo ichi muwerenge kawiri: musanditumizire chakudya. Sikuti ndikuchita ulemu kuti mundikakamize. Kuno ndi lamulo.

Delaney

*

Corbin
25 Okutobala

Delaney,

Moni, ngati ukadali moyo. Sindinalandire ngakhale kachidutswa ka pepala kochokera kwa iwe, ndiye ndikuganiza kuti manja aja anakulandaninso.

Poti mwini njoka ali chete, nzeru ndazipeza ndekha. Ndazindikira chimene chikuwavuta adona. Kusungulumwa. Ndani angadye ali yekhayekha m'chipinda chamdima, akuyang'anizana ndi nsapato zako zakale? Ndiye Lolemba ndinanyamula bokosi lagalasi lija, msana uli gwaa, n'kukaliika mu saluni, pakati pa galasi lalikulu ndi wailesi. Tsopano amaona anthu tsiku lonse. Kamphanga kaja ndinakachotsa, chifukwa amangobisalamo ngati mkamwini wamanyazi.

Makasitomala awonjezeka. Ena akubwera tsitsi lisanamere n'komwe. Mayi Begley amagogoda pagalasi ndi mphete yawo kuti adona awapatse moni.

"Renita, kamwanaka kakuonda," anatero dzulo, mutu uli m'chowumitsira, akukuwa ngati tonse ndife ogontha. "Mwakayesa chiwindi cha nkhuku?"

"Ndakayesa, mayi. Dzira ndakayesa. Khoswe womuviika mu msuzi ndakayesanso."

"Ndiye kakudya kwina. Malemu amuna anga ankateronso, kukankha mbale madzulo alionse. Ndinadzazindikira pa maliro, mayi wina akulira kuposa ine."

Saluni yonse inagwa nako kuseka, kupatula adona. Ndimawapatsa m'mawa ndisanatsegule, masana pa nthawi yopuma, ndi madzulo ndikatseka. Makoswe amene ndataya mwezi uno akanadzaza tchalitchi.

Ndinakumana ndi mkazi wa bambo ako m'sitolo. Ngolo yake inali yodzaza ndi zam'chitini, monga mwa nthawi zonse. Akuti, "Kodi kanjoka ka Delaney kali bwanji?" Ndinati kali bwino kwambiri, kakunenepa. Twila ameneyo, munthu amene anaumitsa duwa lapulasitiki, azifunsa ine za kasamalidwe ka chamoyo?

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza katoni. Muli maswiti a chokoleti ophika ndekha aja, mabisiketi a mtedza, ndi keke ya maapulo. Ugawireko anzako, ndi akuluakulu ako omwe, aone kuti unachokera pakhomo pa anthu.

Amayi ako

*

Ku kampu
5 Novembala

Amayi,

Moni. Katoni yanu inafika. Ndikuthokoza m'malo mwa gulu lonse, chifukwa manja a ena sakutha kugwira cholembera.

Kuno katundu amatsegulidwa pamaso pa aliyense. Sajeni anaika katoniyo pakati pa chipinda, naitsegula pang'onopang'ono ngati muli bomba.

"Caudill!"

"Wawa, Sajeni!"

"Kodi amayi ako akuganiza kuti boma likukuphani ndi njala?"

"Ayi, Sajeni!"

"Nanga akuganiza kuti kuno ndi kusukulu ya mkaka?"

Kenako anapeza kapepala kamene munamata pa keke kaja, nawerenga mokweza, mawu atawachepetsa ngati a mwana: "Kamwana kanga kadye kakhute." Anatiuza tonse kuti tigone chafufumimba, tizikankha pansi ndi manja, kukwera n'kutsika, mpaka amayi a Caudill atamva kuti takhuta. Tinakankha pansi mpaka wina anasanza. Zakudya zanu zinapita m'bini, ngakhale pali amene akulumbira kuti anaona Sajeni akutafuna kuseri kwa chitseko. Dzina langa tsopano ndi Kadyekakhute. Ngakhale ophika akundiitana choncho.

Zimenezo ndakhululuka, chifukwa ndikuona kuti kalata yanga inali isanakupezeni. Koma za saluni zija, Amayi, ndinawerenga kawiri osakhulupirira. Mwatenga kanyama kamene kamafuna mdima ndi bata, mwakalanda pobisala, mwakaika pakati pa wailesi, mankhwala opopera tsitsi ndi mphete ya mayi Begley, kenako mukukavinitsira mtembo pamphuno katatu patsiku. Ndipo mukudabwa kuti sikakudya. Inenso m'nyumba imeneyo ndinkadzikulunga n'kubisa mutu, kungoti simunkaona chifukwa munali kalikiliki kundiwonjezera mbatata.

Lero lomwe mumubwezere kuchipinda kwanga. Kamphanga mukabwezere. Mutseke chitseko.

Opal ndi wamng'ono kwambiri, alibe mafuta oti n'kukhalira miyezi osadya ngati nsato yaikulu. Likafika Tsiku Lothokoza, chikondwerero cha kumapeto kwa mwezi uno, asanadye, mumupititse kwa Ababa. Kumene kuja kuli zii. A Twila savutitsa chinthu chilichonse, ngakhale fumbi.

Delaney

*

Corbin
13 Novembala

Delaney,

Moni. Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Yoyamba ija inayamba yakacheza ku Ohio, sindikudziwa kuti ili ndi abale kumeneko. Ndiye ndinatukwanidwa kawiri pa kapu imodzi ya khofi.

Pepani kwambiri, a Kadyekakhute, kuti ndinakuphikirani. Ana ena amayi awo amawaiwala m'sitolo. Iwe tsoka lako ndi lakuti unkawonjezeredwa mbatata.

Ndawerenga bwinobwino, ndipo masamu ake ndawamvetsa. Udzafikira kumene kuli njoka. Njoka ikapanda kudya ipite kwa bambo ako. Ndiye kuti Khirisimasi yanga ili pakamwa pa chinthu chimene sichinatsegule kukamwa chibwerere. Chaka chatha unati ukangowaona bambo ako masana, n'kubwera tsiku lachitatu. Ndinakhala patebulo ndi nyama yokwana anthu khumi, ndikumvetsera galimoto iliyonse yodutsa mumsewu. Sindinakuuze, ndiye ndikukuuza lero: zinandipweteka kwambiri. Chaka chino sindikufuna zibwerezenso.

Adona ndawabwezera kuchipinda kwako, ndi kamphanga kawo komwe. Mayi Begley akuti saluni yafa. Sindikuwagwira. Ndimangolowa kukaona ngati kuli kofunda, ndipo munthu akalowa sangalephere kusuzumira pang'ono.

Tsopano imva nkhani yabwino, usiye kuopseza amayi ako. Opal wadya! Linali Lamlungu madzulo, nditabwera kukwaya. Khosweyo ndinamuumitsa mutu ndi chowumitsira changa chabwino chija, chimene sindibwereka munthu, mpaka ubweya unaima mokongola kuposa tsitsi la anthu ena amene ndimawalipiritsa. Nditangomuyandikiza, adona anatulutsa mutu, nanunkhiza, nayamba kudya mwaulemu. Sanamalize, paja mimba inali itafota. Anadya theka, theka linalo ndamusungira m'kambale kuti adzamalize mawa.

Ndiye za kwa bambo ako zija tiziiwale. Twila apitirize kutsegula zitini zake mu mtendere. Undiuze tsiku ndi nthawi ya ndege, ndiponso ngati ukufuna nkhuku yokazinga kapena nyama yankhumba tsiku lofikalo. Ndiphika zonse ziwiri, koma ndi bwino kufunsa.

Amayi ako

*

Ku kampu
20 Novembala

Amayi,

Theka?

Ndinawerenga kalata yanu nditakhala pabedi, ndipo ndinaseka mpaka mnzanga wa bedi lapamwamba anasuzumira. Kenako ndinasiya kuseka.

Nsato ilibe mpeni ndi foloko. Siluma n'kusiya, sitafuna, sisunga china cha mawa. Imagwira mutu n'kumeza chinthu chonse, mpaka mchira utalowa. Pa dziko lonse lapansi ndinu nokha amene mungapeke bodza la njoka n'kuikamo kambale ka zotsala.

Ndiye kuti sanadye. Chigulireni sanadyepo.

Amayi, tsopano sindikunyoza, ndikupempha. Mukalandira kalatayi mupite mukamuyang'ane pamsana. Nsato yathanzi imakhala yobulungira. Ngati msana wake wasongoka ngati denga la nyumba, ndipo khungu likuchita makwinya m'mbali, ndiye kuti nthawi yatsala pang'ono. Kanthu kakang'ono chonchija sikachedwa.

Mwina kwa inu ndi chingwe chabe. Kwa ine ndi chinthu choyamba chimene ndinasankha ndekha, popanda wondiuza kuti chabwino ndi chinacho. Tsiku lomwe ndinamugula anadzikulunga padzanja langa, n'kukhala phee, osafuna kanthu kwa ine. Kuno akatikalipira ndimaganiza za iyeyo. Ndinamusiya kwa inu osati kwa Ababa chifukwa ndinkadziwa kuti inu simungaiwale kumuthirira madzi. Sindinaganize kuti mungamuphe ndi chikondi.

Ndikudziwa chimene mukuopa. Koma akafera m'chipinda changa inu mukundilembera kuti akunenepa, sindikudziwa kuti ndidzalowa bwanji m'nyumba imeneyo.

Mundiyankhe zoona, ngakhale zikhale zoipa.

Delaney

*

Ku kampu
29 Novembala

Amayi,

Moni. Aliyense walandira kalata sabata ino kupatula ine. Ngakhale Sajeni wafunsa ngati amayi a Kadyekakhute adwala.

Tsiku Lothokoza ladutsa. Anatipatsa nkhukundembo youma ngati thabwa, ndipo ndinaidya ndikuganiza za yanu, koma zimenezi musauze munthu.

Ali moyo? Mungolemba liwu limodzi.

Delaney

*

Corbin
1 Disembala

Delaney,

Ndine Twila. Usadabwe, inenso ndikudabwa. Chimalizireni sukulu sindinalembepo kalata, ndipo pepalali ndang'amba m'buku la bambo ako la msonkho wa galimoto. Iwo akuti moni. Ali kuthengo kosaka agwape, kumene akhala akupita chaka chilichonse osabwerako ndi gwape.

Njoka yako ili kuno. Ili moyo. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa amayi ako anati ndiyambe ndi zimenezo.

Anabwera m'mawa wa Tsiku Lothokoza. Ndinamva kugogoda, ndinatsegula ndili ndi zovala zogonera, ndipo pakhomo panali Renita, atavala diresi la kutchalitchi, tsitsi lili m'malo mwake, atanyamula bokosi lokutidwa ndi bulangete. Iwe ukudziwa kuti chithereni ukwati wawo sanapondepo pakhonde pano. Ngakhale pokusiya uli wamng'ono ankaimika galimoto kumsewu n'kuliza hutala.

"Twila," anatero, "chipinda chimene simulowamo n'chiti?"

Ndinati, "Zilipo zingapo."

"Ndimadziwa. Ndionetse chofunda."

Ndinawatengera kuchipinda chakumbuyo, kumene kuli njinga yolimbitsira thupi imene ndinagula chaka chija. Anapukuta fumbi patebulo ndi mpango wawo osanena kanthu, zimene zinandipweteka kuposa akanalankhula. Analumikiza magetsi, nathira madzi, naika kamphanga. Kenako anatulutsa kanjokako m'kathumba. Delaney, kanali kowonda zomvetsa chisoni, msana uli ngati mpeni. Anati dzulo lake anapita nako kwa dokotala wa ziweto, ndipo dokotalayo anati matenda palibe, koma mantha ndi njala, ndipo kakufunika nyumba imene anthu ake sasamala zinthu. Sindikukhulupirira kuti dokotala ananena choncho.

Anandipatsa thumba la makoswe, chopanira, ndi chowumitsira tsitsi chawo chabwino chija.

"Lamlungu," anatero. "Kamodzi. Mutu uzikhala wofunda. Ukatero utuluke. Usakayang'ane, usakalankhule, usakakonde. Uchite monga umachitira ndi china chilichonse."

Ndinati alowe amwe khofi. Anati ayi, ali ndi nkhukundembo pamoto. Ndinafunsa kuti akudya ndi ndani, anati zimenezo si zanga. Anasiya keke ya maungu pampando wa pakhonde, akuti kuti bambo ako akumbukireko kukoma kwa chakudya. Atalowa m'galimoto anakhala nthawi yaitali osaliza injini. Ndinkawaona pawindo, koma ndinaona kuti ndikatuluka andiluma.

Kunena zoona, kanjokako ndinakaiwala. Ndinakumbukira Lamlungu, filimu yanga itatsala pang'ono kuyamba. Zovinitsa zija sindinachite, ine sindivina ndi makoswe. Ndinasungunula khoswe mmodzi, ndinamuuzira mutu pang'ono, ndinamuika pakhomo pa kamphanga n'kutuluka. M'mawa khoswe kunalibe, ndipo Opal anali ndi chotupa pakati ngati wameza dzira.

Ndinawaimbira foni amayi ako. Ndinawauza kuti wadya.

"Yense?" anafunsa.

"Yense, mpaka mchira."

"Unamuvinitsa?"

"Ayi, ndinangomusiya pakhomo."

Kenako anati, "Chabwino. Mulembere mwanayo lero, usadikire mawa, ndimakudziwa." N'kudula.

Ndiye ndi zimenezo. Bambo ako akuti adzakutenga kubwalo la ndege. Bedi lako ndiyala, kapena ndikuonetsa pamene pali zofunda.

Twila

*

Corbin
4 Disembala

Delaney,

Moni. Ndamva kuti uthenga unaulandira kuchokera kwa katswiri wa njoka, ndiye sindibwereza. Adona adya. Anakana chakudya cha mayi amene anapambanapo mpikisano wa keke kutchalitchi, n'kukadya kwa munthu amene amapsereza madzi. Aliyense ali ndi kukonda kwake.

Unati ndiyang'ane pamsana. Ndinayang'ana. Za theka zija sitidzakambanso, ngakhale pa maliro anga.

Firiji yanga yayera, nandolo akugona okha. Mayi Begley akufunsa ngati kuli maliro, ndinati ayi, mwana anangosamukira kwa bambo ake, si koyamba. Kuchipinda kwako ndimalowabe kukaona ngati kuli kofunda. Chizolowezi chabe, chitha.

Jekete lako lochindikala ndakasiya kwa bambo ako, ndi nsapato za m'chipale, chifukwa kumeneko palibe angaganize kuti mu Disembala kumazizira. Ndawauza kuti ukawatumizira nambala ya ndege ailembe padzanja. Mankhwala ako a chifuwa ali m'thumba la jeketelo.

Sindikutumiza kanthu m'kalata muno. Ukhoza kuuza Sajeni wako kuti aigwedeze, simugwa ngakhale nyenyeswa. Sindikupemphanso kanthu. Unanena poyera kuti udzafikira kumene kuli Opal, ndipo ndinamunyamula ndekha ndikudziwa zimenezo. Ukapeza mpata tsiku lina masana, msewu ukuudziwa. Ukapanda kuupeza, sindikhala pawindo. Ndikhala kukhitchini, kumene kulinso windo, koma limenelo ndi la ntchito.

Amayi ako

*

Ku kampu
10 Disembala

Amayi,

Moni. Makalata onse awiri ndalandira, ya a Twila ndi yanu. Ya a Twila ndinaiwerengera kubafa, chifukwa kuno ukalira pagulu umapatsidwa dzina lachiwiri, ndipo loyambali likundikwanira.

Munavala diresi la kutchalitchi pokapereka njoka. Munaponda pakhonde la a Twila. Munabwereketsa chowumitsira chimene ine mwana wanu wobereka munandimenyera dzanja nditangochikhudza. Ndakhala ndikuyesa kupeza mawu onyoza oti ndilembe pamenepa, ndipo sakubwera. Zikomo, Amayi.

Opal akhale komweko. Wapeza anthu a mtundu wake, ndipo sitimusunthanso mpaka atanenepa.

Tsopano masamu aja tiwaonenso, chifukwa munawaphonya. Nsato ikadya siyenera kugwiridwa masiku angapo, ndipo yofooka ngati imeneyi siyenera kugwiridwa n'komwe. Kumuona kamodzi pa sabata, pagalasi, n'kokwanira. Iye mwini akufuna choncho. Ndiye ndikakhale milungu iwiri kwa Ababa ndikuyang'ana kamphanga kotseka, ndikudya nyemba zam'chitini? Opal amadya kamodzi pa sabata. Ine ndimadya katatu patsiku, ndipo miyezi iwiri ino ndadya zinthu zimene simungapatse ngakhale galu wa mdani wanu.

Ndege ifika pa 19, masana. Ndawalembera Ababa kuti asavutike. Mubwere ndinu. Jekete lija mukalitenge, popeza tsopano pakhondepo munapazolowera.

Koma pali lamulo, ndipo muliwerenge kawiri ngati lija la katoni. Mbale ndizidzigawira ndekha. Ndikati ndakhuta, ndakhuta. Simuimirira kumbuyo kwanga ndi chipande, simundivinitsira mwendo wa nkhuku pamphuno, ndipo ndikatseka chitseko cha kuchipinda simusuzumira kuti muone ngati ndikupuma.

Nkhuku yokazinga. Nyama yankhumba mawa lake.

Mwana wanu,
Kadyekakhute

*

Corbin
15 Disembala

Delaney,

Moni. Lamulo lako ndaliwerenga kawiri, ndipo ndalivomera lonse. Udzigawira wekha, ine manja ali kumbuyo.

Dzulo ndinapita ku Lexington. Ndagula mbale zatsopano, zazikulu.

Amayi ako